Thaulo

Magetsi atabwera, cha m'ma folo koloko,
tinali anayi pakhonde la a Jafali atelala ku Mbare,
bawo ili pakati, mashini osokera akupuma.
Mdzukulu wa a Sikelo anatulukira ndi foni yong'aluka galasi:
"Agogo, si uyu munthu wanu mumatisokosa naye uja?"

Chigayo!
Wyson Chigayo, magazi a ku Ntcheu, mchombo ku Matapi,
amene masana ankasenza simenti ku Workington,
usiku n'kumapera nthiti za amuna anzake.

Zaka makumi anayi takhala tikumusenza pakamwa.
A Sikelo amati chibakera chake chamanzere
chinagwetsa Mzambiya mpaka nsapato kuvuka.
A Jafali amati bodza, chinali chamanja,
munthuyo anali wa ku Bulawayo,
ndipo chimene chinauluka ndi dzino.
A Fulatira satsutsa, iwo amangowonjezera,
moti chaka ndi chaka Chigayo amatalika,
pano mutu wake ukukhula malata.
Pamodzi pokha timagwirizana:
lamba uja akanabwera naye pa sitima
chikhala kuti pachitupa sanamulembe kuti mlendo.

Tinaunjikana, mitu inayi ya imvi pa kagalasi kamodzi.
Masekondi makumi asanu ndi atatu basi.
Mawu mulibe. Chithunzi chikuwaza ngati mvula ya mawawa,
m'mbali chiswe cha zaka chinadyamo kale.

Ndi wamfupi.
Palibe anatchula, koma tonse tinaona,
wamfupi kuposa mmene tinamusiyira dzulo,
kabudula womukulira, sokosi imodzi yagwa.

Kenaka ndinazindikira mawindo a holo ya Stodart,
ndipo m'mimba mwanga munazizira.
Pa ndewu zake makumi atatu,
kamera inasankha imene pakhonde pano sititchula.

Raundi ya eyiti.
Diso lamanzere latsekeka, latupa ngati peyala,
miyendo ikufunsana njira,
zingwe ndizo zamugwira ngati mlamu wochokera kumowa.
Mnzake uja akungokhoma, akungokhoma,
iye osagwa. Vuto lake linali limenelo,
Chigayo sankadziwa kumene kugwa kumayambira.

Pangodya pali kochi, malemu a Dzinjalamala,
amene takhala tikuwatukwana mpaka m'manda
kuti anagulitsa ndewu, anadya za azungu a fodya.
Onani manja awo. Onse awiri ali pachingwe.
Kumbuyo kwawo kuli kamnyamata koonda, makutu ngati mbale,
kanyamula ndowa.
Kaika ndowa pansi.
Dzanja lake likukwera,
ndipo kanthu koyera kakuuluka, kakutambasuka,
kakutera pa nsapato ya refa.

Pomwepo filimu inatha.

Makutu amenewo ndidakali nawo.

Ndikanati ndinene, ndikanayamba ndi mpweya wake,
mmene unkalirira ngati pampu yophwa,
mmene pa raundi ya seveni ananditchula dzina la mng'ono wake
amene tinamuika ku Warren Hills chaka cha chikuku.
Ndikananena kuti anafa ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi,
mlonda wa pageti ku Graniteside,
akudziwa ana ake onse mayina,
akutha kulowetsa yekha ulusi pa singano.
Ndikananenanso kuti tinkakumana pa Musika,
iye n'kundipatsa moni wa bwino lomwe,
osandiyang'ana m'maso ngakhale tsiku limodzi.

Koma pakamwa panauma gwa.
Kombi inadutsa ikukuwa za ku tauni.
Ntchentche inatera pa nkhomo za bawo.

"Ndibwereze?" anafunsa mwana uja.

A Jafali anavula magalasi,
anawapukuta ndi kansalu ka suti ya mwini wake,
nthawi yaitali, mbali zonse ziwiri.
Anayang'ana ine, anayang'ana msewu.
"Zosaoneka bwino izi," anatero. "Chotsa.
Anthu a kale onse ankafanana."

A Sikelo anakankhira bawo kwa ine.
"Kutakata n'kwako, Lupiya.
Ndipo chinali chamanzere."